Usadumphe Lachisanu

Mtendere, Lusaka, Lachinayi masana.

Thoko mwana wanga,

Ndikudziwa kuti masiku ano ndiyenera kukuitana amake Mapalo, poti ndiwe mayi wapabanja, koma m'kalata muno undilole ndichite mwano. Magetsi apita kuyambira m'mawa, makina osokera angoti duu, ndipo mayi wa diresi la kicheni pate wabwera kale kawiri kudzandiyang'ana ndi diso lofiira ngati ndazimitsa ndine. Ndiye ndati m'malo mokhala pano n'kumayang'ana babu, ndilembe zimene zikundikanika kunena pakamwa. Mawa pa siteshoni padzakhala phokoso la zikwama ndi oitanira mabasi, ndipo ine ukundidziwa, mtima ukandithina ndimayamba nthabwala. Kalatayi ndidzakupatsa m'manja. Uiwerenge basi ikangotuluka m'tauni, usadikire kukafika. Chifukwa chake uchipeza kumapeto.

Ukupita ku Mozambique kutsatira bambo a Mapalo kumene akukonza mathirakitala pa famu. Wandiuza kuti sukulu ili kutali ndipo amaphunzitsa m'Chipwitikizi, n'chifukwa chake waganiza zoti mwanayo uzimuphunzitsa wekha pakhomo zaka zitatuzi, kuti pobwerera adzalembe mayeso pamodzi ndi anzake kuno. Wandipempha mabuku a mbiri yakale amene ndinakuphunzitsira, ndi taimutebulo ija ndinalemba pa pepala la khaki lodulira mapatani. Zonse zili m'katoni, ndamanga ndi chingwe. Koma unandipempha ngati munthu wopempha kwa mphunzitsi wabwino, ndipo zimenezi zandivutitsa mumtima sabata yonse. Taimutebulo imeneyo ili ndi mabowo, mwana wanga. Ndikufuna ndikuonetse pamene ali usanaikhome pakhoma la nyumba yako.

Unali mu giredi sikisi pamene unagwera m'ngalande ija ya pafupi ndi msika, mvula itadzaza msewu, mwendo n'kuthyoka pawiri. Chikhakha, opaleshoni, chikhakha china, chaka chonse osaponda kusukulu. Masamu ndi Chingerezi anatenga amayi ako, poti iwo anapita patali ndi sukulu kuposa ine. Ine ndinalanda mbiri yakale. Ndikuti ndinalanda chifukwa palibe anandipatsa. Ndinasiya sukulu fomu thu, koma mabuku a zakale ndinkawakonda kuposa nyama, ndipo ndinkadziona ngati pulofesa amene Mulungu anamuika pa makina mwangozi. Mabuku anali anayi. Panali lobiriwira la sukulu, la mbiri ya Zambia. Panali lalikulu la mbiri ya dziko lonse, limene ndinagula pa salaula, pogulitsira mabuku akale, lilibe chikuto, n'kulisokera chikuto cha nsalu yofiira. Panali kabuku kanga ka Chinyanja konena za ife Angoni. Ndiye panali kabuku ka amayi ako ka Chibemba, koonda, ka za anthu a kwawo ku Kasama, kamene anabwera nako m'sutukesi pamene tinakwatirana.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuyamba ndi buku lalikulu chifukwa choti linali lalikulu. Ndinati timalize lofiira, kenako lobiriwira, kenako enawo, limodzi limodzi ngati oda ya mayunifomu. Miyezi iwiri yathunthu tinali ku Iguputo. Iwe chigonere pabedi, mwendo uli pa pilo, ine ndikukuwerengera za mafumu okulungidwa m'nsalu, makina akulira. Tsiku lina unandidula pakati pa chiganizo.

“Atate, manje pamene aba benze kumanga mapiramidi, kuno kwathu kunalibe bantu?”

Mwana wanga anali ataphunzira kuti mbiri ndi ya anthu akutali, ndipo ife tinangomera dzulo ngati bonongwe. Madzulo ake ndinatenga matepi awiri akale oyezera, ndinawalumikiza, n'kuwakhoma pakhoma kuyambira pachitseko mpaka pawindo. Kuchitseko kunali kale kwambiri, kuwindo kunali lero. Buku lililonse ndinalipatsa mtundu wake wa kansalu, ndipo tikawerenga nkhani tinkabaya kansalu kake ndi pini pamalo pake pa tepi. Unkandituma uli pabedi pomwepo kuti “sendezani pang'ono, Atate, mwapitiliza.” Pamenepo mpamene ndinaona chinthu chimene chinandichepetsa: zonse za Angoni zimene ndinkanyadira, kuwoloka Zambezi dzuwa litada masana, nkhondo zonse zija, zinangokwana pa kadanga ka zala zitatu pafupi ndi windo. Matepiwo ali m'katoni, pamodzi ndi mapini.

Choncho usamalize buku limodzi kuti uyambe lina. Sankha limodzi likhale msana, ndipo lobiriwira ndilo loyenera poti mayeso amachokera mmenemo. Enawo uziwabweretsa pamene nthawi yawo yakwana, tsamba lino ndi tsamba lija sabata imodzi, kuti Mapalo aziona kuti pamene ena ankamanga zawo kutsidya la nyanja, kuno anthu ankasula makasu ndi kubereka ana. Mwana akafunsa kuti “nanga ife tinali kuti,” usiye zonse uyankhe limenelo.

Kulakwa kwachiwiri ndimachita nako manyazi ngati telala. Ine amene sindingadule nsalu popanda kusiya ya msoko, ndinadula chaka chonse osasiya ngakhale tsiku limodzi. Ukayang'ana pepala la khaki lija uona mabokosi onse odzaza, masamba khumi patsiku, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Ndinaiwala kuti kuli masiku a kuchipatala. Ndinaiwala kuti m'komboni muno sabata sitha popanda maliro. Ndinaiwala kuti sukulu zikamatsegula ndimagona m'mayunifomu, komanso kuti mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba tonse n'kukhala pabedi miyendo m'mwamba. Pofika mwezi wachinayi tinali m'mbuyo ndi masabata atatu, ndipo ndinayamba kukalipa. Ndinkakuwerengera mothamanga ngati wolengeza pa wailesi, ndikakufunsa n'kulephera, ndinkamenya tebulo ndi sizasi. Mwana wodwala, wosatha ngakhale kuthawa!

Ukumbuka chimene unachita? Buku lofiira linasowa masiku anayi. Ndinagwetsa nyumba yonse, ndinakayikira ngakhale makasitomala. Analipeza ndi amayi ako m'thumba la ufa, pansi penipeni. Mpaka lero sindidziwa kuti unakafika bwanji kumeneko ndi ndodo zako zija. Ndinafuna kukukalipira, koma amayi ako anandigwira mkono n'kunena, pondiitana bambo a Thoko mwa Chibemba chawo, kuti, “Bashi Thoko, mwana akamba na imwe. Mvelani.” Ukalitsegula pakati bukulo upeza ufa udakalimo m'msoko mwake, sindinaukutumule dala.

Ndiye iwe usiye ya msoko. Phunzitsa masabata atatu, yachinayi uisiye yopanda kanthu, idzadzaza yokha ndi malungo, alendo ndi zimene simunamalize. Masamba atatu amene mwana wawamva aposa khumi amene wangowamvera. Ndipo mukatsalira m'mbuyo, usakabe tsiku la phunziro lina kuti ulipire. Usunge mawu amenewa, ndibwereranso kwa iwo.

Kulakwa kwachitatu kunali kwa pini. Tinafika pa nkhani ya Angoni ndi Abemba, pamene makolo anga anakafika kudziko la makolo a amayi ako. Kabuku kanga kankanena kuti Angoni anamenya aliyense amene anawaima kutsogolo, kenako n'kuchokako mwa kufuna kwawo. Lobiriwira linkanena zina, zosakoma kwenikweni m'makutu a Mngoni. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinatenga pini, n'kubaya masamba awiriwo pamodzi kuti asatseguke. Mawa lake unaipeza.

“Atate, chifukwa chani apa pali pini?”

“Apo palibe va mayeso,” ndinatero, osakuyang'ana.

Amayi ako anali pakhomo akutsuka mbale. Anangoseka chapansipansi n'kufunsa kuti, “Bashi Thoko, mwabisa pamene munathaba?” Tonse tinaseka, ndipo pini inakhalabe. Linali bodza, mwana wanga, ndipo ndinakunamiza ndikudziwa. Mabuku akamatsutsana, limenelo ndilo tsiku labwino kuposa onse. Uwaike onse awiri patebulo tsiku limodzi, Mapalo awerenge uku, awerenge uko, ndipo umufunse kuti analemba ili ndani, nanga ankafuna kusangalatsa ndani. Usamusankhire wopambana. Pini ija ndaichotsa dzulo. Yasiya dzimbiri pa masamba onse awiri.

Tsopano ndafika pa chimene ndakhalira pansi kulemba. Zonse zapamwambazi ukanatha kuzizindikira wekha. Ichi sungachione pa pepala la khaki, chifukwa pamenepo chikuoneka bwinobwino: Lolemba mpaka Lachinayi mabuku anga atatu, Lachisanu kabuku ka amayi ako. Anapempha okha tsiku limenelo. Anati masamu aziphunzitsa m'mawa, koma Lachisanu masana akufuna ola limodzi loti akuuze za kwawo. Ndinavomera, ndinalemba ndi dzanja langa, bokosi lililonse la Lachisanu mpaka Disembala.

Chimbuya chathu ukuchidziwa, ife a kum'mawa ndi Abemba. Ife timawanena kuti amadya anyani, iwo amatinena kuti timadya mbewa, pamaliro timathirana ufa ndi kuphikirana, ndipo palibe amene amaloledwa kukwiya. Ndi mwambo wabwino, wapukuta misozi ya anthu ambiri m'Lusaka muno. Ine ndi amayi ako tinadziwana mwa njira yomweyo, pa maliro ena ku Kaunda Square, pamene mtsikana wosamudziwa anandikhuthulira ufa m'mutu suti yanga nditangoisita. Banja lathu lonse linayenda pa nthabwala imeneyo, ndipo ine ndinali katswiri wake. Sindinadziwe kuti ili ndi malo amene siyenera kulowa.

Lachisanu loyamba amayi ako anasamba m'manja, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kukhala m'mphepete mwa bedi lako ndi kabuku kawo. Anayamba kukuuza za ulendo wa makolo awo kuchokera ku Kola. Ine ndili pa makina ndinakuwa kuti, “Thoko, funsa amako, pa ulendo uyo anyani anasala angati mu sanga?” Unaseka mpaka mwendo unakupweteka. Amayi ako anandibwezera za mbewa, ine ndinabwezanso, ola lonse linathera pamenepo. Lachisanu lachiwiri chimodzimodzi. Lachisanu lachitatu anayesa kundiletsa.

“Bashi Thoko, lekani nisilize. Ni ola imozi chabe.”

“Silizani, mukwai,” ndinatero, ndikuyerekeza mawu a Chibemba mopotoza pakamwa. Iwe unagubuduka ndi phwete, ndipo iwo anatseka kabuku.

Sabata yotsatira tinali m'mbuyo ndi buku lofiira, ndiye ndinati ndibwerekeko Lachisanu limodzi lokha. Anati, “Ni bwino chabe, tizapanga sabata ibwela.” Sabata yobwerayo ndinabwerekanso. Sindinabweze ngakhale limodzi mpaka unachira n'kubwerera kusukulu. Unakhoza bwino mbiri yakale pa mayeso, ndipo ndinayenda Mtendere yense chifuwa patsogolo.

Chimene sindinkachiona ndi ichi. Akuluakulu awiri akamachita chimbuya, aliyense amadziwa za kwawo, nthabwala imangoyandama pamwamba. Koma pamaso pa mwana amene sanamve kanthu, si nthabwala ayi, ndi phunziro. Iwe unaphunzira kuti za atate ndi zolemba m'kope ndi kuloweza, za amayi ndi zosekera. Ndinakuphunzitsa zimenezo ine, Lachisanu lililonse, ndipo unakhoza.

Amayi ako atamwalira zaka zisanu zapitazo, a kutchalitchi anandiuza ndilembe mbiri ya malemu yoti iwerengedwe pa mwambo. Anati ndani angalembe bwino kuposa munthu wa mabuku. Ndinalemba za ukwati wathu, za kwaya, za ana, koma za kumene anachokera ndinangoti anabadwira ku Kasama, basi. Titabwera kumanda, alamu anga Bana Kasonde, akulu awo a amayi ako, anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anati, “Imwe muli na mabuku yambili. Mwakangiwa kulemba na mudzi wa mufana wanga? Na zina ya bamayo bathu?” Ukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati mudzi wa anyani sulembedwa pa mapu. Zinangotuluka zokha, pakamwa panazolowera. Sanaseke. Anatenga chikwama chawo n'kubwerera kwawo ku komboni ya Chaisa tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo sitinalankhulane. Iwenso unasiya kupitako poopa kundikhumudwitsa, ndipo ine ndinkaona, koma sindinakuuze kuti pita.

Ndiye Lamulungu lapitali unabwera ndi kope lako latsopano, ukukonza taimutebulo ya Mapalo. Unati sabata yoyamba mujambula mtengo wa banja. Mbali yanga unadzaza wekha osandifunsa, agogo ndi agogo awo, mpaka mudzi ndi mfumu. Mbali inayo unalemba mayina awiri, cholembera n'kuima.

“Atate, amai mukowa wao unali chani? Ba Bemba bakamba ati mwana atenga wa amake. Ndiye kuti ni wanga, ni wa Mapalo futi.”

Unkafunsa pfuko la amayi ako, limene mwa mwambo wa kwawo ndi lako ndi la mwana wako wamkazi. Ndinati ndikumbukira, ndikuuza. Sindikulidziwa, Thoko. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinagona nyumba imodzi ndi mkazi ameneyo. Anandiuza, mwina kangapo, koma nthawi zonse akamalankhula za kwawo ine ndinkakhala ndikukonza yankho loseketsa. Ndikudziwa mayina a mafumu a ku Iguputo motsatana, koma pfuko la mwana wanga sindilidziwa.

Utapita ndinayamba kufuna kabuku kaja. Ndinatsegula masutukesi, ndinakutumula mabokosi a zidutswa, osakapeza. Lolemba m'mawa nditagwetsa bobini, ndinagwada kuti ndiitole, ndipo ndinakaona. Simenti ya m'chipinda chosokera inakumbika kalekale, makina ankagwedera, ndipo tsiku lina ndinatola chimene chinali pafupi n'kuika pansi pa mwendo wachitsulo. Kanali kabuku ka amayi ako. Kakhala pamenepo zaka zoposa khumi, ine ndikusoka pamwamba pake. Chipinda chimenechi ankasesa ndi iwo m'mawa uliwonse. Ankakaona, tsache linkakakhudza, ndipo sananene kanthu. Ndinakhala pansi pomwepo ndinalira, mwana wanga, kulira kumene sindinalire ngakhale kumanda.

Nditakatsegula ndinapeza m'mphepete mwa masamba muli zolemba za pensulo, dzanja la amayi ako. Chibemba changa ndi cha pamsika, koma manambala ndinawawerenga. Anagawa kabukuko m'maphunziro makumi atatu ndi anayi, lililonse la Lachisanu lake. Pambali pa lililonse analemba tsamba la buku lobiriwira kapena lofiira limene likugwirizana nalo. Chimene ine chinanditengera miyezi iwiri ya ku Iguputo ndi matepi awiri kuti ndichizindikire, iwo anachichita mwakachetechete sabata yoyamba, akuwerenga mabuku anga ine ndili kumsika kogula ulusi. M'malo ena analemba mayina amene sanasindikizidwe m'bukumo, ndipo ndinaganiza kuti ndi a anthu awo. Maphunziro atatu oyamba anawachonga. Otsalawo alibe chochonga.

Lachiwiri ndinatseka shopu, ndinakwera minibasi ya ku Chaisa. Ndinawapeza Bana Kasonde atakhala pakhonde, akukazinga tute, chinangwa chija, ndi mtedza zogulitsa. Akalamba, Thoko. Miyendo yatupa, sayendanso kupita kumsika, ndipo a m'nyumba imene anabadwira amayi ako atsala okha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Nindani wafa?” anatero.

“Kulibe, alamu.”

“Manje mwabwela kuchita chani? Ba Ngoni sibayenda pa Chaisa ngati kulibe malilo.”

Khomo la nthabwala analitsegula okha, ndipo yankho linali kale pa lilime langa, labwino kwambiri. Ndinalimeza. Ndinagwada, ndinatulutsa kabuku, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anaona chibowo cha mwendo wa makina pachikuto, anandiyang'ana, ndipo ndinawauza zoona zake. Anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, anawerenga nthawi yaitali, tute n'kupserera pa mbaula. Pena ankaseka, pena ankapukuta m'maso ndi chitenje. Kenako anandilozera phunziro lina chapakati.

“Apa mwaona? Ni ija nkhondo ya ba Ngoni na ba Bemba. Alemba buku ya gilini, alemba na kabuku kanu. Pansi alemba ati, bashi Thoko balande. Enze kufuna imwe mukambe mbali yanu, yeve akambe yake, mwana amvele vonse.”

Tsamba lomwe lija ndinabaya ndi pini. Amayi ako anandisungira malo pa Lachisanu lawo, pamene ine ndinkawalanda lonse.

Ndinawafunsa za pfuko. Anavula magalasi n'kupukusa mutu. “Awe. Iyo funso si yanu. Mwenze na zaka twente-sikisi zofunsa. Wamene afunsa ni Thoko, ndiye Thoko azamvela.” Ndinati mwanayo akuchoka Lachisanu m'mamawa, ndipo masiku awiri otsalawa akuthamanga ndi mapepala a pa malire. Anati foni ilipo. Anati maphunziro atsala makumi atatu ndi limodzi, ndipo adzawaphunzitsa iwo, Lachisanu lililonse, kwa iwe ndi Mapalo, motsatira mmene mng'ono wawo analembera. Kabuku ukhale nako iwe, iwo zonse zili m'mutu. Ndinafunsa ngati ndingamabwere kudzamvera nawo. Anaganiza kaye. “Mungabwele. Muzankala pa stulu apo. Mukaseula pakamwa, nizakupitikisani.”

Potsanzika anatapa ufa pang'ono m'mbale n'kundiwaza m'mutu. “Yendani bwino, odya mbeba.” Ndinakwera minibasi ufa uli m'mutu, anthu akundifunsa kuti maliro ali kuti.

Tsono tamvera, mwana wanga. Pa taimutebulo iliyonse pamakhala tsiku limene limaoneka losavuta kubwereka, ndipo kawirikawiri limakhala la munthu amene sadandaula. Ulitchinjirize limenelo kuposa ena onse. Masamu mukatsalira mudzapeza m'buku chaka chamawa, Iguputo sapita kulikonse. Koma maphunziro makumi atatu ndi limodzi awa ali m'mutu mwa mayi mmodzi wa miyendo yotupa, ndipo sindikudziwa kuti Mulungu watisungira masabata angati. Usadumphe Lachisanu. Netiweki ikavuta pa famu, kwera pachulu. Mapalo akadwala, imba ali chigonere, iwenso unaphunzira uli pabedi. Bambo a Mapalo uwapatsenso tsiku lawo la za kwawo, ndipo akamalankhula, iwe usaseke pamaso pa mwana ngakhale zitaseketsa bwanji. Mukasekere kuchipinda. Pakamwa pako ndi panga, ndinakupatsira ndine, n'chifukwa chake ndikukuchenjeza.

Za moyo wa kumeneko sindikuuza zambiri, ndiwe wamkulu. Uzimwa madzi owiritsa, uphunzire moni wa anthu a kumeneko usanaphunzire mitengo ya pamsika, ndipo diresi ya buluu ya Mapalo ndaisiyira mpendero waukulu, ukaona yafupika ungomasula. Ndikusowa kale, ngakhale uli tsidya lomweli ukulongedza. Nyumba ino ikhala zii, ndipo ndikuopa.

Kabuku ka amayi ako sikali m'katoni. Ndakakulunga m'chitenje chawo cha kutchalitchi, ndipo ndikuika m'chikwama chako cha m'manja pamodzi ndi kalatayi. Nambala ya Bana Kasonde ndalemba mkati mwa chikuto. Phunziro lachinayi lili pa tsamba limene ndapinda.

Ndinati uwerenge basi ikangotuluka m'tauni chifukwa pamene ukuwerenga pano, lero ndi Lachisanu. Chifukwa chodumphira chilipo kale, ndipo ndi chomveka: muli pa ulendo, mwatopa, mwana akusinza, mudzayamba sabata yamawa mukakhazikika. Inenso zifukwa zanga zinali zomveka chomwecho. Cha m'ma teni basi iima pa Luangwa kuti anthu agule nsomba. Usatsike kukagula. Umudzutse Mapalo, utsegule pamene ndapinda, uimbe. Amayi ako aakulu, Bana Kasonde, akhala atavala magalasi, foni ili pamiyendo, ndipo funso lako lija akuyankha loyamba.

Ukamva wina akutsokomola chapatali, ndine. Ndikhala pa stulu, kope lili pabondo, pakamwa nditatseka.

Ndine atate ako,
amene amayi ako ankawaitana bashi Thoko.